Namfedwa Wamkulu wa ku Sitichoka

"Mu ufumu uno mulibe munthu amene imfa ya Etelina Nasibeko yamupweteka kuposa ine," inatero Mfumu Zonsenzanga Yachiwiri, ikudziguguda pachifuwa mpaka mamendulo ake kulira ngati makiyi a woyang'anira ndende. "Lembani zimenezo. Namfedwa wamkulu ndine. Ndidzam'mangira chiboliboli chachitali moti akhwangwala azidzayamba apumira m'mawondo mwake asanafike paphewa. Chidzaima pakati pa bwalo losalala ngati tebulo, pamalo pomwe pali nyumba yake. Ndipo ndikunenetsa pano: Lachisanu la sabata yamawa dzuwa likamalowa, mu Sitichoka simudzatsala nyumba ngakhale imodzi yoti munthu n'kugonamo. Mawu anga sabwerera. Anayamba abwererapo?"

"Sanayambe, Mwinifumbi!" zinayankha nduna zonse pamodzi, n'kuomba m'manja. Paja mu ufumu wa Ndamvabwana munthu sapatsidwa unduna chifukwa cha mutu. Amamuyang'ana zikhatho, ngati zili zolimba bwino zoti n'kuomba tsiku lonse osatupa.

Tsono kwa inu amene simunafikeko, Sitichoka ndi dera la anthu wamba lomwe lili pakati penipeni pa likulu la dzikolo, mzinda wa Mwatidyera, ngati chigamba pa suti ya ukwati. Amene analimanga ndi omwe aja anamanga mzindawo: amisiri, alonda, amayi ochapa zovala za mabwana. Atamaliza kumangira anzawo nyumba zosanja, anatola njerwa zotsala ndi malata obooka n'kudzimangira zawo, khoma la uyu kutsamira khoma la uyo, moti wina akayetsemula kumapeto kuno, amati pepani ndi wa kumapeto uko. Tinjira take n'topanikiza. Anthu awiri onenepa akakumana, ngakhale akhale pa chidani, amakumbatirana basi.

Boma linakhala likulimezera malovu deralo kwa zaka makumi atatu. Chaka chilichonse kunkabwera anthu a penti yofiira kudzalemba mitanda pamakoma, pambuyo pawo mabuludoza. Ndipo chaka chilichonse mabuludozawo ankapeza mayi wina wamfupi, telala, atakhazika makina ake osokera pakati pa msewu wolowera ku Sitichoka, akupalasa mwakachetechete, kusoka yunifolomu ya mwana wa eni. Ameneyo ndiye anali Etelina Nasibeko. Sankatukwana, sankagenda. Ankangoti, "Dikirani kaye ndimalize mpendero." Mpenderowo unatenga zaka makumi atatu. Pakatipo anatha nsapato ndi maulendo a kukhoti, analemba makalata odzaza thumba la chimanga, ndipo ankadziwa pamtima amene anamanga nyumba iliyonse ya m'deralo, chaka chake, ndi mwana woyamba kubadwiramo.

Mfumu yomwe ikulira leroyi inam'tsekera m'ndende kanayi. Pawailesi inamutcha nsikidzi ya mzinda. Atamwalira, anthu a ku Sitichoka anamuika okha m'manda, ndipo kunyumba yachifumu kunangochokera apolisi awiri odzawerenga olira. Koma patatha milungu itatu nyuzipepala za kunja zinayamba kumutama mayiyo, akazembe a maiko ena n'kumafunsa komwe angakaike nkhata za maluwa. Pamenepo m'pamene Mfumu inazindikira kuti mtima wake wasweka. Chisoni cha mafumu chimatero, chimayamba chazungulira kunja n'kudzalowera pabwalo la ndege.

A Salazani, Nduna ya Zokongoletsa Mzinda, amene m'mawa womwewo anawaonjezera udindo woona za Chisoni cha Boma, anaimirira n'kuwerenga lamulo latsopano. Ndime yoyamba inati maliro a Mayi Nasibeko ayambiranso, ndipo sadzatha kufikira tsiku lovundukula chiboliboli. Yachiwiri inati namfedwa wamkulu ndi Mfumu, ndipo aliyense wopezeka akulira mokweza kuposa Mfumu adzaimbidwa mlandu wopikisana ndi boma. Yachitatu inati wophwanya mwambo wa maliro amenewa, kaya ndi ndani, akalowa m'ndende osaonana ndi woweruza. Yomaliza, imene anaiwerenga mothamanga ngati akumwa mankhwala owawa, inati pofuna kulemekeza malemu, anthu onse a ku Sitichoka asamutsidwira ku Mukaonakonko, ulendo wa tsiku lathunthu pa lole. Za masitolo odzamangidwa mozungulira bwalolo sanawerenge. Zinangochitika mwangozi kuti mwini wake anali mlamu wawo.

Mawa lake chikalata cha lamulolo chinamatidwa pakhoma la chimbudzi cha msika wa Sitichoka, poti ndi pamene anthu amaima nthawi yaitali. A Bizaliyele, okhoma zidebe ndi mbaula, munthu woti analekeza Sitandade 5 koma sanataye ngakhale chilembo chimodzi, anachiwerenga mokweza, chala chikutsata mzere.

"Abale, atilemekeza," anatero atamaliza. "Akuti popeza Mayi Nasibeko anavutika zaka makumi atatu kuti nyumba zathu zisagwe, boma laona chanzeru kuzigwetsa kuti papezeke malo owakumbukirapo."

"Nanga ife tikapita, owakumbukawo adzakhala ndani?" anafunsa mayi wina wa tomato.

"Adzalemba ntchito ena, mayi. Boma silisowa okumbuka. Lili nawo ambiri ongokhala m'maofesi."

"Ku Mukaonakonko kuli madzi?"

"Alipo, nthawi ya dzinja. Amachokera kumwamba, aulere."

"Ine chandisangalatsa n'choti kulira kwaikidwa malire," anatero wometa tsitsi, akupukuta lumo pa thalauza. "Apongozi anga akadzatisiya, anthu akadzati bwanji maso ali gwa, ndidzangoti ndikuopa boma."

Anthu anaseka, kuseka kuja kwa munthu amene waponda munga pamaso pa alendo. Amene sanaseke ndi Mayi Jesinala, ogulitsa usipa wouma. Iwowa anali mayi wamasiye, ndipo nyumba yawo inkagawana khoma limodzi ndi ya malemu Etelina. Pakhomapo panali kabowo komwe awiriwa ankapatsirana mchere, moto ndi miseche kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Njerwa za nyumbayo anaumba ndi malemu amuna awo, ana awo onse anabadwira momwemo, ndipo kumudzi komwe anachokera ali mtsikana kunalibenso wowadziwa. Tsopano pachitseko chawo panali mtanda wofiira, penti yake isanaume.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi Jesinala anavundikira usipa wawo, n'kumanga duku, ulendo ku ofesi ya a Salazani. Anawakhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, poti nduna inali pa msonkhano wokambirana mtundu wa mipango yopukutira misozi. Atawalowetsa, anapeza a Salazani ataimirira pambali pa kachifanizo ka bwalo latsopanolo, kotsekeredwa m'galasi.

"Mayi, inu muyenera kunyada," anatero a Salazani, akuloza ndi cholembera. "Mukuchiona chala chachikulu ichi cha phazi lamanzere? Chidzaponda pomwe pali bedi lanu. Ndi anthu angati mu ufumu uno amene bedi lawo lalowa m'mbiri ya dziko?"

"Nanga ine ndizikagona pati, bwana?"

"Ku Mukaonakonko kuli mpweya wabwino, mayi. Anthu a kunja amachita kulipira kuti akapume mpweya ngati umenewo. Komanso tsiku lovundukula mudzakhala mzere wakutsogolo, ndipo tidzakupatsani ichi."

Anatambasula chitenje. Pakati pake panali nkhope ya Mfumu, yaikulu ngati lichero, ikugwetsa msozi umodzi wonenepa. Nkhope ya Etelina inali pakona, kakang'ono ngati sitampa.

"Anzanu aja akanakhala moyo akanasangalala kwambiri," anatero a Salazani.

"Akanakhala moyo mukanawamanga kachisanu, bwana."

A Salazani anatsokomola n'kuyang'ana wotchi. Mayi Jesinala anayang'ana m'kagalasi kaja, pomwe nyumba mazana anayi zinasanduka udzu wapulasitiki ndi timabenchi. Kenaka anagwada pang'ono, monga achitira munthu wopanda sukulu pamaso pa ophunzira.

"Ndingofunsako chimodzi, bwana, poti ife zachizungu zinatidutsa. Maliro mwalengezawa ndi enieni, kapena ndi a pawailesi chabe?"

"Mayi! Pakamwa panupo! Chisoni cha Mwinifumbi mukuchiyesa sewero? Ndi maliro enieni, a mwambo wonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Simunamve ndime yachitatu?"

"Ndiye mundilembere pakapepala, bwana, muikepo ndi chidindo. Kwathu kuja kuli anthu amakani, angamati n'zocheza."

A Salazani anakondwa kuona kuti ngakhale ku Sitichoka kukupezeka nzika zokhulupirika. Analemba, n'kudinda katatu, chidindo chachitatu mwa ulemu chabe.

Tsono ku Ndamvabwana, monga kulikonse komwe anthu analeredwa, pakagwa maliro amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala mopingasa msewu. Wanjinga akafika pamenepo amatsika, wagalimoto amazimitsa wailesi n'kuyenda ngati kamba, abambo amavula zipewa. Ndipo m'dera lomwe muli maliro simugwiridwa ntchito. Khasu silikhudza nthaka, nyundo siikhoma msomali. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse la boma, n'chifukwa chake aliyense amazitsata.

Lolemba m'mawa mabuludoza asanu ananyamuka kulikulu, utsi uli tolotolo. Kutsogolo kunali a Layisoni Kamchacha, dalaivala wamkulu wa boma, munthu woti anagwetsapo misika itatu ndi tchalitchi chimodzi osaphethira. Atakhota pa msewu wolowera ku Sitichoka anaponda buleki mwadzidzidzi, anzawo a m'mbuyo kutsala pang'ono kuwagunda. Pamsewupo panali nthambi za mango, zoyalidwa bwinobwino. Kuseri kwake amayi anali atakhala pansi, miyendo tambalale, akuimba nyimbo ya maliro motsitsa mawu, kuopa kupikisana ndi boma. Amalonda onse anali atasamutsira mabenchi awo kunja kwa masambawo. A Bizaliyele nyundo yawo anali ataimangirira m'chiguduli.

A Layisoni anazimitsa injini, anatsika, n'kuvula chipewa. Foni yawo inalira.

"Layisoni, sindikumva kugwa kwa makoma kuno," anatero a Salazani. "Mwafika?"

"Tafika, bwana. Koma pali masamba."

"Masamba a chiyani?"

"A maliro, bwana."

"Maliro a ndani?"

"Omwe aja munalengeza, bwana."

"Ponda masambawo, iwe! Buludoza ya matani makumi awiri ikuopa nthambi ya mango?"

"Buludoza siikuopa, bwana, ndikuopa ndine. Mayi anga ali moyo, koma akudwaladwala. Ndikaponda masamba a maliro a eni lero, tsiku lawo likadzafika adzandikumbire manda ndani? Inuyo mudzabwera ndi fosholo?"

A Salazani anatukwana mawu omwe sangalembedwe pa nthawi ya chisoni ngati ino. A Layisoni anaika foni m'thumba, n'kupita kukagwira chanza anamfedwa. Anawayalira mkeka pamthunzi pa buludoza yawo yomwe, n'kuwapatsa tiyi wopanda mkaka ndi mbatata. Madalaivala anzawo anayi aja anatsatira, poti maliro n'kulirana.

Lachiwiri kunabwera apolisi odzaza lole, atavala zisoti, ndi lamulo loti achotse nthambizo. Mkulu wawo atangowerama kuti agwire nthambi yoyamba, Mayi Jesinala anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kapepala ka zidindo zitatu kaja.

"Mwana wanga, umatha kuwerenga? Ine maso anatha. Tandiwerengere apa."

Wapolisiyo anawerenga, anabwerezanso, n'kuyang'ana nthambi yomwe inali m'manja mwake ngati wagwira njoka.

"Ndiye ukachotsa nthambiyo," anatero a Bizaliyele ali chapatali, "udzimanga wekha, kapena tikuthandize kugwira unyolo?"

Wapolisiyo anaibweza nthambiyo pamalo pake, n'kuiongola bwino kuposa momwe anaipezera. Pofika masana, kwaya ya amayi inali itapeza mabesi omwe inkawasowa kuyambira kale.

Lachitatu bwalo la nduna linakumananso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Ndamvabwana panadutsa mphindi yathunthu popanda woomba m'manja. A Salazani anagwada, thukuta lili kamukamu.

"Mwinifumbi, nkhani yake ili chonchi. Chiboliboli sichingaime Sitichoka asanagwe. Sitichoka sangagwe maliro asanathe, poti palibe dalaivala kapena wapolisi wofuna kudumpha masamba. Ndipo maliro sangathe chiboliboli chisanaime, poti munatero ndinu."

"Ndani anapanga lamulo lopusa chonchi?"

Nduna zonse zinayang'ana kudenga, komwe kunali buluzi mmodzi amene tsiku limenelo anatchuka kwambiri.

"Mwina, Mwinifumbi," anayesera a Salazani, "mukanangolengeza kuti maliro atha."

"Kuti akazembe anene kuti chisoni changa chinali cha masiku asanu ngati chimfine? Mawu anga sabwerera, Salazani! Vuto lanu nonsenu n'loti anthu wamba simuwadziwa. Ine ndimawadziwa ngati chikhatho changa. Akungofuna kuona nkhope yanga, basi. Lachisanu ndipita ndekha. Ndikalira mphindi zisanu, ndikalankhula mphindi makumi anayi, kenaka ndikakwera buludoza ndi kugwetsa khoma loyamba ndi manja angawa. Itanani akazembe onse. Wailesi ya kanema ionetse zonse pompopompo, dziko lione mmene mfumu imalirira."

Manja anaombedwa mpaka buluzi uja anathawa.

Lachisanu masana mdipiti wa galimoto makumi atatu unatuluka kunyumba yachifumu, masaileni akulira ngati dziko latha. Koma atangoona nthambi za mango zija, madalaivala anazimitsa masaileni okha popanda wowauza, n'kuyamba kukwawa. Mfumu inatsika itavala suti yakuda yosokedwa kunja, mamendulo ali waliwali, pambali pake pali mkulu wina wonyamula mipango isanu ndi iwiri pa mbale yasiliva. Akazembe anatsika ndi nkhata zawo. Ojambula anatchera makamera.

Mayi Jesinala ndi amene anayamba. Anaimirira, manja kumutu, n'kufuula ndi mawu oti anamveka mpaka kumsika.

"Mayo ine! Namfedwa wafika! Etelina, mwini maliro ako uja wafika!"

Amayi onse anadzuka nthawi imodzi. Paja mwambo wake ndi wotero: wofedwa akafika kuchokera kutali, sayenda yekha. Amamuchingamira kumsewu, kumugwira mikono yonse iwiri kuti angagwe ndi chisoni, n'kumulowetsa m'siwa, nyumba ya malemu momwe ofedwa amakhala. Asilikali olondera Mfumu anafuna kutchinga, koma Mfumu itaona makamera onse aloza kwa iyo, inawakankha.

"Asiyeni anthu anga! Asiyeni andigwire!"

Ndiye inalira, abale. Inalira mokweza moti panalibe mantha oti wina angaipose. Inaitana dzina la Etelina, inamutcha mlongo wake, mayi wake, nyali ya ufumu. Mipango itatu inanyowa isanafike n'pakhomo pomwe. Amayi anaiyendetsa m'tinjira tija cham'mbali ngati kabati, poti chamaso sikanakwana, mpaka pa nyumba ya malemu. Pakhomo anaivula nsapato. Inawerama, n'kulowa, n'kukhazikidwa pamphasa, msana utatsamira khoma lija la kabowo. Makina osokera anali pakona, atavundikiridwa nsalu yoyera. Akazembe anaunjikana pakhomo, kamera imodzi n'kulowetsa mutu pawindo.

Mphindi zisanu zitakwana, Mfumu inapukuta m'maso, inakonza tayi, n'kugwira pansi kuti idzuke. Dzanja la Mayi Jesinala, lonunkhira usipa, linatera paphewa pake mofatsa.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kukalankhula kwa anthu, mayi. Ntchito ikundidikira."

"Iii, bambo, chisoni chakusokonezani mutu. Namfedwa satuluka m'siwa maliro asanathe. Anthu ndi amene amabwera kudzakupepesani muno. Khalani pansi."

"Mayi, mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi namfedwa wamkulu, bambo. Dziko lonse lamva. Ife enafe ndi ongothandiza kulira."

Mfumu inayang'ana pakhomo. Pamenepo panali pataima a Bizaliyele, atamanga nsalu m'chiuno monga achitira adzukulu, anthu aja oyendetsa mwambo wa maliro, amene pa tsiku lotere ngakhale mfumu siiwayankha. M'manja anali ndi chikalata chomwe anachimatula kuchimbudzi chija.

"Ndime yoyamba, maliro sadzatha kufikira tsiku lovundukula chiboliboli," anawerenga a Bizaliyele, chala chikutsata mzere. "Ndime yachitatu, wophwanya mwambo wa maliro amenewa, kaya ndi ndani. Pamenepa pa kaya ndi ndani, Mwinifumbi, analemba ndi zilembo zikuluzikulu. Kaya mwina maso angawa."

Kazembe wina wamkazi, amene womasulira ankamunong'oneza zonse, anagwira pamtima n'kunena kuti m'maiko onse omwe anayendamo sanaonepo mtsogoleri wodzichepetsa chotere. Anzake anagwedeza mitu. Mnyamata wa pakanema, amene anaphunzitsidwa kutama chilichonse chomwe Mfumu yachita, anali atayamba kale kuuza dziko lonse kuti Mwinifumbi, mwa chikondi chake chosaneneka, wasankha kukhala m'siwa mpaka maliro atatha.

"Salazani!" inaitana Mfumu, mano ali okukuta koma nkhope ikumwetulira kamera.

A Salazani analowa chokwawa, n'kugwada pamphasa.

"Ndichotse muno."

"Njira zilipo ziwiri, Mwinifumbi," ananong'ona. "Mulengeze kuti maliro atha, mawu anu abwerere pamaso pa akazembe. Kapena mutuluke chonchi, muphwanye mwambo pa kanema, ndime yachitatu ikugwireni."

"Njira yachitatu palibe?"

"Ikanakhalapo, Mwinifumbi, ndikanayamba ndi imeneyo."

Mfumu inapuma mwamphamvu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma uwu unayesabe kulewa.

"Chabwino. Ine ndikhala muno. Koma ntchito iyambe. Uzani madalaivala agwetse nyumba zina zonse, asiye ino yokha. Ndalamula ndine, namfedwa. Masamba ndawakhululukira."

Anaitana a Layisoni, amene anafika pakhomo chipewa chili m'manja, pakamwa pali nyenyeswa za mbatata.

"Mwinifumbi, pepani ndi zovutazi," anatero, poti munthu woleredwa amayamba ndi kupepesa maliro. "Za masambazo ndiye kaya, mwina mwini maliro akakhululuka zimatheka, ine sindinamvepo. Koma pali china. Ine ndagwetsa nyumba zaka makumi awiri, ndimazidziwa. Za kuno n'zogwirana makoma. Palibe yoima payokha. Ndikakankha ya kumsewu uko, imakankha inzake, inzakeyo inzake, mpaka zonse zigone ngati njerwa zosanjidwa. Sipatha mphindi ziwiri denga ili lisanakupezeni pamene mwakhalapo. Mukalamula ndiliza injini, koma ndiye ziboliboli tidzamanga ziwiri."

Mfumu inakweza maso kuyang'ana denga: malata a dzimbiri, mitengo yofumbwa, ndi mthunzi wa miyala ikuluikulu yomwe inasanjikidwa pamwamba kuti mphepo isawaulutse. Inayang'ana a Salazani, amene anali akubwerera cham'mbuyo kulowera kukhomo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakumbukira kuti anasiya madzi akutayika kunyumba. Inayang'ana kamera. Kamera inaiyang'ananso.

"Injini isalizidwe," inatero Mfumu, ndi mawu aang'ono omwe nduna zake zinali zisanawamvepo.

"Mwati bwanji, Mwinifumbi?" anafunsa a Bizaliyele, dzanja lili kukhutu. "Kunjaku anthu sanamve."

"Ndati isalizidwe!"

Kunja amayi anayambitsa nyimbo ina, mabesi a apolisi n'kulandira. Akazembe anasanjika nkhata zawo pakhonde n'kutsanzika mwaulemu, akulonjeza kuti azibwera Lachisanu lililonse kudzaona namfedwa. Nduna zinazemba imodziimodzi, iliyonse ikunena kuti ikukatenga mipango ina. Kuwala kofiira kwa dzuwa kunalowa pawindo, kunakwera khoma, n'kuzimirira.

Mayi Jesinala anatuluka, analowa m'nyumba mwawo, ndipo posakhalitsa pa kabowo ka pakhoma panatulukira nsonga ya bulangete lakale, likukankhidwa pang'onopang'ono mpaka linagwera pamiyendo pa Mfumu.

"Fundani limenelo, bambo," anamveka mawu awo kuseri kwa khoma. "Mutu mulozetse kuno, uko kumadontha. Chimbudzi chili kuseri kwa nyumba yachisanu, koma m'mawa muzilawira, pamakhala mzere."